Unzika wa mdzukulu wobadwira kunja ukuchedwa

FUNSO: Mdzukulu wanga anabadwira ku Bulawayo, koma bambo ake ndi mwana wanga wobadwira konkuno ku Zomba. Tinapereka kalekale mapepala omupemphera unzika, mpaka lero kuli zii. Titani?
Agogo a ku Mulunguzi

YANKHO: Agogo, musataye mtima. Lamulo la unzika la 1966 limavomereza mwana wobadwira kunja kukhala Mmalawi ngati bambo kapena mayi ake ndi nzika yobadwira m'dziko muno. Chimene chimachedwetsa kawirikawiri ndi umboni. Kulembetsa mwana aliyense wobadwa kunayamba kukhala kokakamiza mu 2015, ndipo kalembera wa ziphaso za unzika anachitika mu 2017. Motero makolo ambiri alibe chikalata cha kubadwa, ndipo nthambi yoona zolowa ndi kutuluka m'dziko imayenera kutsimikiza kaye kwawo kwenikweni. Komanso mu Disembala 2018 Nyumba ya Malamulo inalola unzika wa mayiko awiri, zomwe zinatsegulira khomo Amalawi ambiri okhala kunja.

Onetsetsani kuti mayina alembedwa mofanana pa chikalata cha kubadwa cha mdzukuluyo cha ku Zimbabwe ndi pa chiphaso cha bambo ake, chifukwa chilembo chimodzi chikasiyana, fayilo imaima. Tengani kalata ya amfumu akwanu ndi ya kwa DC wa Zomba. Sungani malisiti onse, ndipo pokafunsa lembani kalata, musangolankhula pakamwa. Pewani adobadoba olonjeza kufulumizitsa zinthu. Mukaona kuti nthawi yapitirira popanda chifukwa chomveka, kadandauleni ku ofesi ya Ombudsman. Kumeneko salipiritsa.