Mbuna za ku Cape Maclear

Mtsinje wa Bua umachokera m'mapiri a ku Mchinji, ndipo umakathira m'Nyanja ya Malaŵi ku Nkhotakota. Komabe ana ambiri a ku Mchinji sanaionepo nyanjayo.

Kum'mwera kwa nyanjayi, m'boma la Mangochi, kuli malo otchedwa Cape Maclear. M'chaka cha 1980 Boma linakhazikitsa nkhalango yotetezedwa kumeneko, dzina lake Lake Malawi National Park. Alendo amasambira, amapalasa mabwato ndiponso amakaona manda a amishoni pa malo a mishoni imene inakhazikitsidwa m'chaka cha 1875. Nyumba zogona alendo zili m'mudzi wa Chembe.

Koma chimene chimakopa anthu kwambiri ndi tinsomba totchedwa mbuna. Mlendo amavala magalasi a m'madzi nasuzumira m'miyala ya pa chilumba cha Thumbi. Kukongola kwake! Tina n'tabuluu, tina tachikasu, tina tamizeremizere ngati mbidzi. Mbuna sizipita kutali ndi miyala imene zinabadwirapo, kotero mitundu ina imapezeka pa chilumba chimodzi chokha. Asodzi atazikokolola ndi maukonde, mtunduwo ungathere pomwepo. N'chifukwa chake lamulo limaletsa kusodza m'madzi osapitirira mamita 100 kuchokera kugombe la nkhalangoyi. Lamuloli n'lolemera kwa anthu a ku Chembe, pakuti iwo amadalira usodzi, ndipo amayenera kupalasa mpaka kutali.

Mafunso
1. Kodi mtsinje wa Bua umakathira kuti?
2. N'chifukwa chiyani mbuna zingathe msanga?
3. Mukanakhala msodzi wa ku Chembe, mukanati chiyani za lamuloli?