Kuwonjezera Mafayilo mu Nkhokwe ya tar

Makomiti a chitukuko amene amasunga malipoti pa kompyuta ya Linux angapindule ndi pulogalamu ya tar, yomwe inayamba mu 1979 pofuna kusunga zinthu pa matepi. Ntchito yake ndi kusonkhanitsa mafayilo ambiri m'nkhokwe imodzi.

Pofuna kuwonjezeramo lipoti latsopano, mlembi alembe lamulo ili:

tar -rf nkhokwe.tar lipoti.pdf

Chilembo cha r chimaika fayiloyo kumapeto popanda kusokoneza zakale. Akatero atsimikize polemba tar -tf nkhokwe.tar, lamulo loonetsa zonse zimene zili m'katimo.

Mlembi asamale kwambiri: akalemba c m'malo mwa r, malipoti onse akale amafufutika. Komanso nkhokwe yofinyidwa ya .tar.gz silandira zowonjezera mpaka itamasulidwa kaye ndi gunzip.