Makolo Pabwalo la Masewero: Udindo wa Mphunzitsi

Mawu Oyamba

Tiyerekeze kuti tatumizidwa kukaphunzitsa pa sukulu ya pulaimale kufupi ndi Chonde, m'boma la Mulanje. Ndi Lachisanu masana, ndipo sukulu yoyandikana nayo yabwera kudzapikisana nafe pa mpira wamiyendo ndi wa ntchemberembaye. Mphunzitsi mmodzi wagwira wenzulo kwa anyamata, wina kwa atsikana. Nanga khamu la ana limene lazinga bwalo, ena ali m'mitengo, ena akuthamangira mpira umene wagwera kumsewu, akuliyang'anira ndani?

M'mayiko ngati America, ana amasewera m'nyumba zazikulu za pasukulu, ndipo makolo amasinthana kuzitsekula ndi kulondera pakhomo. Kwathu kuno bwalo lilibe khomo kapena mpanda, choncho maso a makolo tikuwafuna koposa. Koma tidziwe kuyambira pachiyambi kuti makolo amatithandiza chabe. Mwana akapwetekeka pa masewero a sukulu, woyankha mlandu ndi mphunzitsi.

Chifukwa Chake Tiwaitane

Chiyambire maphunziro aulere a pulaimale mu 1994, ana m'sukulu zathu anachuluka kuposa aphunzitsi. Ena athetsa vutoli posiyiratu masewero, koma kutero n'kumana ana mwayi. Mwawi Kumwenda, amene anasankhidwa kukhala katswiri woposa onse pa mpikisano wa dziko lonse wa ntchemberembaye ku Sydney mu 2015, anakulira kumudzi ku Mzimba. Timu ya amayi ya Scorchers inatenga chikho cha COSAFA mu 2023. M'mera mpoyamba, ndipo poyambira pake ndi bwalo la fumbi ngati lathu.

Anthu a ku Chonde ntchito yosamala khamu siyachilendo kwa iwo, pakuti mwambo wa Mulhako wa Alhomwe umasonkhanitsa anthu ochuluka pamalopa m'mwezi wa Okutobala. Chimene chimasowa kawirikawiri ndi munthu wowapempha mwaulemu ndi kuwagawira ntchito.

Kusankha ndi Kugawa Ntchito

Mphunzitsi wachilendo asadzisankhire yekha makolo. Apite kwa mphunzitsi wamkulu, amene adzatengera nkhaniyo ku komiti ya sukulu, ku bungwe la makolo ndi aphunzitsi, ku gulu la amayi ndiponso kwa mfumu. Amenewa amadziwa munthu wodekha, woledzera ndi wosayenera kumusiyira ana.

Tikawapeza, tilembe mayina awo ndi masiku awo papepala, tilikhome mu ofesi. Tifunse kaye za nthawi yawo, popeza ambiri amathyola tiyi kapena kulima nandolo, ndipo ena amapita kumsika. Pa tsiku la mpikisano makolo anayi akhoza kukwanira, aliyense ndi ntchito yake:

1. Woyamba ayendere bwalo ndi ana akuluakulu masewero asanayambe, kuchotsa miyala, magalasi ndi zikhomo za mbuzi, ndi kugwedeza mitengo ya golo kuona ngati ili yolimba.
2. Wachiwiri ayime mbali ya kumsewu. Msewu wochokera ku Luchenza kupita ku Mulanje umadutsa pa Chonde, ndipo mwana wothamangira mpira saona galimoto. Mpira wotuluka autole ndi munthu wamkulu.
3. Wachitatu asunge ndowa ya madzi akumwa ndi bokosi la chithandizo choyamba.
4. Wachinayi, amene akhale mayi, akhale pafupi ndi atsikana pamene akusintha zovala ndiponso pobwerera kwawo.

Zimene Tiyenera Kuwaphunzitsa

Mulanje ndi limodzi mwa maboma a mvula yambiri, ndipo bwalo la poyera ndi malo oopsa pa nthawi ya mphenzi. Kulira kwa bingu kumayenda pafupifupi kilomita imodzi pa masekondi 3. Tikaona ching'aning'ani n'kumva bingu tisanawerenge kufika 30, mphenzi ili pafupi. Masewero ayime pomwepo, ana alowe m'kalasi, asabisale pansi pa mtengo, ndipo tidikire mphindi 30 chilekere bingu lomaliza. Kholo lililonse likhale ndi ufulu wouza woyimbira mpira kuti ayimitse, ngakhale timu yathu ikupambana.

Mwana wobinya mwendo apume, amuike nsalu yonyowa yozizira, ndipo asamukoke kapena kumutikita. Wogunda mutu n'kuchita chizungulire asabwererenso m'bwalo tsiku limenelo, koma apite naye kuchipatala. Wotuluka magazi timugwire titavala magolovesi kapena jumbo yoyera.

Malire a Kholo Lothandiza

Pali zinthu zitatu zimene tiyenera kunena poyera pamsonkhano woyamba. Kholo lisamenye kapena kutukwana mwana, ngakhale wake yemwe. Lisatsale lokha ndi mwana mmodzi m'kalasi kapena panjira. Lisatsutsane ndi woyimbira mpira, chifukwa ndewu za pa mpira zimayamba pamene akuluakulu ayamba kukuwa. Malamulo a dziko lino, chisinthire mu 2017, amati aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana, choncho mtsikana wamsinkhu wa mu Sitandade 8 atetezedwe monga wa mu Sitandade 1.

Mpikisano utatha, tiitane mayina a ana onse tisanabalalike. M'miyezi ya Juni ndi Julaye dzuwa limalowa 6 koloko isanakwane, motero tiyambe msanga kuti akutali afike kwawo kusanade. Pomaliza tiwathokoze makolowo pamaso pa ana, powatchula mayina. Munthu wodzipereka salandira malipiro, koma akaona kuti ntchito yake yalemekezedwa amabweranso.

Zokambirana m'Magulu

1. Jambulani bwalo la sukulu imene mukuyeserako kuphunzitsa, ndipo musonyeze malo oopsa ndi pamene kholo lililonse lingayime.
2. Mkulu wina wa m'komiti wafika pabwalo ataledzera pa tsiku lake. Mungamuchotse bwanji osamuchititsa manyazi?
3. Lembani kalata yaifupi yopempha makolo kuti adzathandize.