Kudinda Zithunzi: Phunziro Lochokera kwa Hokusai

Katsushika Hokusai anabadwa mu 1760 ku Edo, mzinda wa ku Japan umene lero ukutchedwa Tokyo. Ali mnyamata anaphunzira kusema matabwa odindira zithunzi, kenaka nakhala wophunzira wa mmisiri Katsukawa Shunsho. Chithunzi chake chotchuka, cha funde lalikulu la ku Kanagawa likuopseza mabwato atatu, chinatuluka cha mu 1831, iye ali ndi zaka pafupifupi 70. Anamwalira mu 1849.

Mphunzitsi wa ku Nkhata Bay sangavutike pofotokoza chithunzichi, pakuti ana amadziŵa mafunde a mwera ndiponso asodzi olimbana nawo. Yambani ndi zimene iwo anaona panyanja.

Tsono dulani chinangwa pakati, jambulanipo bwato, ndi kusema mbali zosafunika kuti bwatolo litsale lotukuka. Pakanipo utoto, ndipo dindani papepala. Ana agwire mipeni pokhapokha inu mukuyang'anira. Achenjezeni kuti chodindidwa chimatembenuka: bwato loloza kumanja lidzaloza kumanzere.

Mwana akalakwitsa musamudzudzule. Mpatseni chinangwa china, ndipo mukumbutseni zaka zimene Hokusai anatha akuphunzira asanajambule funde lija.