Njovu zikalowa m'munda: ufulu wanu inu oyandikana ndi paki ya Kasungu

Kabuku aka ndi ka inu amene mumalima m'mphepete mwa paki ya Kasungu, kwa Chulu, kwa Lukwa, kwa Kawamba, kwa Kaphaizi ndi madera ena oyandikira. Takalemba ife othandiza anthu pa nkhani za malamulo, titatopa kuona alimi akupalasa njinga mtunda wonsewo n'kukabwezedwa pakhomo la ofesi ndi mawu awiri okha: "Mubwere mawa."

Amayendetsa paki ndani?

Paki ndi ya boma la Malawi. Imayendetsedwa ndi Dipatimenti ya Mapaki ndi Nyama Zakuthengo, yomwe likulu lake lili ku Lilongwe, motsata lamulo la 1992 lomwe lidakhwimitsidwa mu 2017. Pamalopo wamkulu ndi manijala wa paki. Pansi pake pali agemu, komanso alangizi amene ntchito yawo ndi kugwirizanitsa paki ndi midzi. Bwana DC ndi khonsolo ya Kasungu salamulira nyama za m'paki, koma ngozi ikagwera anthu a m'boma lawo, nkhaniyo ndi yawonso.

Malowa adakhala paki mu 1970. Ndi aakulu kuposa masikweya kilomita 2,000, ndipo ku Malawi kuno amaposedwa ndi Nyika yokha. Makolo a ambiri a inu ankakhala m'menemo asadasamutsidwe m'zaka za m'ma 1920 chifukwa cha matenda a kaodzera. Musalowe mu ofesi ya paki ngati mlendo wopemphetsa.

Bungwe la IFAW ndi lakunja, limathandiza boma ndi ndalama ndi zipangizo. Mu July 2022 boma, IFAW ndi bungwe la African Parks adasamutsa njovu 263 kuchoka ku Liwonde kudza ku Kasungu, mpanda wamagetsi wa kumalire a kum'mawa usadathe kumangidwa. Mukudziwa nokha zomwe zidatsatira: njovu kutuluka m'paki n'kumalowa m'minda.

Zomwe mungatenge m'paki

Kuyambira mu 1990 paki ya Kasungu idayamba kulola anthu oyandikana nayo kuweta njuchi ndi kutola matondo m'kati mwake. Zoterezi zimachitika ndi chilolezo, m'magulu, kudzera ku komiti ya zachilengedwe ya m'dera lanu, pa nyengo ndi malo omwe paki yanena. Chilolezo chikhale cholembedwa. Gemu akangoti "lowani, ndakuonani," dziwani kuti mnzake amene mukakumane naye kutsogolo sadakuoneni. Kudula mitengo ya chigafa cha fodya, kuwotcha makala, kutchera mawaya ndi kulima m'kati mwa malire ndi milandu.

Gawo lina la ndalama zomwe paki imapeza limayenera kubwerera ku midzi kudzera ku bungwe la anthu oyandikana ndi paki la KAWICCODA. Funsani pamsonkhano kuti zidabwera zingati ndipo zidagwira ntchito yanji. Kufunsa si chipongwe.

Nyama zikawononga, zikavulaza kapena zikapha

Apa ndi pomwe anthu ambiri amabwezedwa, choncho werengani mosathamanga.

Sitikunamizani. Lamulo la mapaki silikakamiza boma kupereka chipukutamisozi nyama zikawononga mbewu kapena zikapha munthu. Lamulo lomwe lingakutsekereni m'ndende mpaka zaka 30 chifukwa chopezeka ndi mnyanga wa njovu silinenapo kanthu za nkhokwe yanu yomwe njovu yomweyo yagumula usiku umodzi. Ife tikuti kumeneku ndi kulakwira anthu, ndipo aphungu anu a Nyumba ya Malamulo ayenera kuzimva mpaka lamulolo lisinthe.

Koma wa mu ofesi akanena kuti "kulibe chipukutamisozi," kawirikawiri amafuna kuti mumve ngati wanena kuti kulibe chochita, mubwerere kwanu. Zimenezo n'zosiyana. Ayenerabe kulandira dandaulo lanu ndi kulilemba. Kupirikitsa nyama zomwe zatuluka m'paki ndi ntchito ya agemu. Ndime 43 ya Malamulo Aakulu a dziko lino imakupatsani ufulu wouzidwa zifukwa, molemba, ofesi ya boma ikapanga chiganizo chokhudza ufulu wanu. Ndime 41 imakupatsani ufulu wopita ku khoti. Ngati wina adalekerera ntchito yake ndipo inu mwavulala nazo, woweruza ndi khoti, osati kalaliki wa pawindo. Zonsezi zimafuna umboni, ndipo umboni wa m'munda mvula imodzi imaufufuta.

Tsiku lomwelo uzani a nyakwawa, komiti ya zachilengedwe ndi agemu a pakampu yapafupi. Lembani m'kope tsiku, nthawi ndi dzina la amene mwamuuza. Musadayambe kudzutsa mapesi kapena kukonza nkhokwe, jambulani: mapazi a nyama, ndowe, mbewu zothyoka, ndi pomwe zidadutsira pampanda. Ngati mulibe foni yojambula, bwerekani kwa aphunzitsi kapena kwa mnyamata aliyense wa m'mudzi, ndipo zithunzizo zisungidwe m'mafoni awiri.

Itanani mlangizi wa zaulimi adzayeze munda. Alembe mbewu yake, kukula kwa malo owonongeka, ndi matumba omwe mumakolola chaka chabwino. Mawu oti "munda wonse wapita" sathandiza pamaso pa woweruza. Chofunika ndi mawu ngati oti ekala imodzi ndi theka ya chimanga chomwe chidali chitamasula ngayaye. Kenako a nyakwawa alembe kalata yotsimikiza, adindepo chidindo.

Ngati mudatenga feteleza ndi mbewu pa ngongole ku kampani ya fodya, uzani mlangizi wa kampaniyo sabata yomweyo, molemba. Ngongole siifa chifukwa njovu zapondaponda fodya. Mukangokhala chete mudzaipeza yadulidwa pa mabelo ochepa omwe mwapititsa ku msika wa fodya wa Chinkhoma. Ndipo inu amene mumalima pa esiteti ya munthu wina, kwanu kuli ku Mulanje kapena ku Dedza, onetsetsani kuti palembedwa dzina lanu. Taona kaundula wa owonongekeredwa atalembedwa dzina la bwana mwini malo, pomwe chimanga chidali cha wantchito ndi ana ake.

Munthu akavulala, chipatala choyamba, mapepala pambuyo. Koma pemphani adokotala alembe m'buku la kuchipatala chomwe chamuvulaza, kuti ndi njovu, njati kapena fisi, osangoti "wathyoka mwendo." Kanenaninso kupolisi. Pakagwa maliro, apolisi ndi achipatala aone thupi musadaike, ndipo tsatirani chikalata cha imfa. Tikudziwa kuti pa tsiku lotere mtima sukhala pa mapepala. Sankhani mbale mmodzi wolimba mtima kuti imeneyi ikhale ntchito yake.

Akakubweretserani bokosi, ufa kapena ndalama ya chipepeso, landirani, palibe cholakwika. Koma musasaine kapena kudinda chala papepala lomwe simudawerenge. Ngati lili m'Chingerezi, munthu wa mbali yanu alitanthauzire mawu onse. Likanena kuti nkhani yathera pomwepo, musasaine musadaonane ndi wodziwa malamulo.

Pitaninso ku ofesi ya DC, kwa woona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, ndi kalata ya mfumu ndi lipoti la mlangizi. Thandizo la kumeneko, likapezeka, limakhala chakudya, osati malipiro a zomwe mwataya, ndipo limachedwa. Lembetsanibe.

Wofuna kusumira boma amayamba wapereka chidziwitso cholembedwa kwa Loya Wamkulu wa Boma miyezi itatu mlandu usadalowe m'khoti, ndipo mlandu wa kuvulala uli ndi malire a zaka zitatu. Ndiye chifukwa chake "mubwere mawa" ndi woopsa: mawa akachuluka, nthawi yosuma imatha. Opanda ndalama ya loya apite ku Legal Aid Bureau.

Za ndalama "ya mafuta" ndi mapepala osowa

Kupereka dandaulo ndi kwaulere. Kulembedwa m'kaundula wa owonongekeredwa ndi kwaulere. Wina akati agemu kapena alangizi sangabwere pokhapokha musonkhe ya mafuta, ya fanta kapena ya mayunitsi, funsani modekha kuti mupatsidwa risiti ya boma. Nthawi zambiri nkhani imathera pomwepo. N'zoona kuti maofesi ena mafuta amawasowa, koma kusowa kwawoko sikulipiridwa ndi mayi amene wangotaya chakudya cha chaka chonse. Kumbukiraninso kuti pa mlandu wa ziphuphu wopereka ndi wolandira onse amazengedwa. Kanenani ku bungwe lothana ndi ziphuphu la ACB.

Musasiye pepala lenileni mu ofesi iliyonse. Pangani fotokope ziwiri, imodzi musiye, inayo akudindireni chidindo ndi tsiku lolandirira, mubwerere nayo. Akakana kudinda, lembani dzina lawo, tsiku ndi mboni yomwe mudapita nayo. Bambo wina tidamuthandiza atayenda maulendo anayi ku ofesi ina, ulendo uliwonse akulipira kabaza. Pa ulendo wachisanu adamuuza kuti fayilo yasowa ndipo amene adailandira adasamutsidwa. Kalata ya mfumu ndi lipoti la mlangizi zidali m'fayilomo, kunyumba kudalibe kanthu, ndipo munda udali utalimidwanso. Adayamba kufunafuna mboni patatha chaka.

Musapite nokha. Anthu khumi a mudzi umodzi okhala ndi kalata imodzi savuta kuwakumbukira.

Mu 2025 zidamveka kuti maloya a Leigh Day a ku Britain akuimira anthu khumi a ku Malawi ndi Zambia pa madandaulo awo kwa IFAW okhudza njovu zosamutsidwazo. IFAW idakana kuti idalakwa. Chenjerani ndi aliyense woyenda m'midzi kutolera ndalama ati akulembeni "pa mndandanda wa chipukutamisozi cha ku London." Mufunseni chiphaso chake ndi kalata ya omwe amutuma, ndipo musapereke ngakhale K500.

Mukakwiya, ndiponso mukamangidwa

Mkwiyo wanu tikuumvetsa, koma musathire poizoni, musatchere msampha, musadule waya wa mpanda. Lamulo limalola kupha nyama yotetezedwa podziteteza kapena poteteza munthu wina pomwe palibiretu njira ina, ndipo mukatero muyenera kukanena kwa agemu mwamsanga. Nyamayo ndi minyanga yake ndi za boma. Mukapeza njovu yakufa, musaikhudze, kanenani.

Mukagwidwa ndi agemu kapena apolisi, ndime 42 ya Malamulo Aakulu ikuti muuzidwe chifukwa chake m'chiyankhulo chomwe mumamva, muli ndi ufulu wokhala chete, ndipo mukaonekere ku khoti pasadathe maola 48, kapena tsiku loyamba lomwe khoti latsegula ngati maolawo athera pa tchuthi. Belo ya kupolisi salipiritsa. Palibe lamulo lolola kukumenyani kuti muulule. Mukamenyedwa, pitani kuchipatala mabala asadapole kuti alembedwe. Pamaso pa majisitireti musavomere mlandu chifukwa wina wakunong'onezani kuti mukavomera mutuluka msanga. Pa milandu ya njovu ndi ngaka kuvomera kumatanthauza ndende.

Akapanda kukuyankhani

Lemberani manijala wa paki, kope ina kwa DC, ina kwa mfumu yaikulu. Mukafuna kudziwa za ndalama za midzi kapena za mpanda, lamulo lopezera uthenga, lomwe lidayamba kugwira ntchito mu 2020, limapatsa ofesi ya boma masiku 15 ogwira ntchito kuti iyankhe pempho lolembedwa. Masikuwo akadutsa, dandaulani ku Malawi Human Rights Commission. Za kuchedwetsedwa, kusowetsedwa mapepala ndi kubwezedwa popanda chifukwa, pitani kwa Ombudsman, yemwe salipiritsa. Potumiza dandaulo lanu kumeneko phatikizanipo fotokope ya kalata yodindidwa ija, zithunzi, ndi tsamba la m'kope lanu losonyeza masiku onse omwe mudapita ku ofesi ndi mayina a amene adakubwezani.