Mutu 9: Kadimba ka paphiri

Musanawerenge, kambiranani: Kodi madzi amene mumagwiritsa ntchito kwanu amachokera kuti? Amatunga ndani?

Werengani nkhani iyi.

Nditapuma pa ntchito ya uphunzitsi, ndidasamukira m'kanyumba ka malata kamene kali m'mbali mwa phiri m'boma la Nyanga, kummawa kwa dziko lathu la Zimbabwe. M'boma limeneli ndi mmene muli phiri la Nyangani, la mamita 2,592, lalitali kuposa mapiri onse m'dziko muno. Pamwamba pa mapiriwo mvula imagwa yambiri. Kumadzulo kwake, kumene ndimakhala ine, imagwa yochepa chifukwa mitambo imafika itakhuthula kale madzi ake kutsidya. Chitsime chathu chili m'chigwa, ndipo otunga tilipo awiri okha: ine nkhalamba ndi mdzukulu wanga. Ndowa ya malita 20 ikadzaza, madzi ake amalemera makilogalamu 20. Kukwera nayo chitunda si masewera.

Chaka choyamba ndidalakwitsa. Ndidalima dimba lalikulu, mizere yake yoloza kumunsi, n'kubzalamo kabichi ndi tomato. Mvula ya mu Disembala itagwa, madzi adathamanga m'mizere muja n'kukokolola nthaka yachonde. Mvula italeka, mbewu zotsala zidafuna ndowa khumi tsiku lililonse. Tidasenza mpaka makosi kuuma, koma pofika masana dothi limakhala litauma gwa. Tsiku lina mdzukulu wanga adatula ndowa yake n'kufunsa kuti, "Agogo, kodi madziwa tikutungira ndiwo kapena tikutungira dzuwa?" Ndidasowa choyankha. M'mwezi wa Meyi dimba lonse lidafota.

Pamenepo ndidakumbukira mayi anga. Makolo athu adachokera ku Malawi kudzagwira ntchito m'mafamu a fodya, ndipo ku komboni kumene ndidakulira kudalibe malo olima. Mayi adali ndi kadimba kuseri kwa nyumba, kakang'ono ngati mphasa ziwiri, komabe ndiwo zamasamba sizinkasowa pakhomo pathu. Ndidaganiza zoyambanso, ulendo uno ndi bedi limodzi lokha, la mita imodzi m'lifupi ndi mamita atatu m'litali.

Choyamba ndidasankha malo. Ndidayang'ana poyandikira khomo, kuti madzi otsukira mbale asamayende mtunda. Ndidafunanso mbali yoyang'ana kumpoto, chifukwa kuno kwathu dzuwa la m'nyengo yozizira limadutsa chakumpoto. Pokumbika ndidapapewa, pakuti m'miyezi ya Juni ndi Julayi mpweya wozizira umatsika phiri usiku n'kukagona m'malo otsika, ndipo ndi mmene chisanu chimawaula mbewu. Kumbali yochokera mphepo ndidamanga mpanda wa udzu. Mphepo imaumitsa dothi ngati dzuwa lomwe, ndiponso mpandawo udatchinga mbuzi.

Chachiwiri ndidaimitsa madzi. Akulu adati madzi saiwala khwawa. Paphiri madzi amafuna kutsika basi, ndipo mlimi akapanda kuwaimitsa amapita ndi dothi lomwe. Anthu akale a ku Nyanga ankadziwa zimenezi. Zaka mazana angapo zapitazo adayala mipanda ya miyala mopingasa mapiri, ndipo mukapita ku Ziwa mukaiona ikadalipo. Inenso ndidatola miyala n'kuiyala mopingasa chitunda, yofika m'maondo, kenaka ndidasalaza dothi kumtunda kwake. Pofuna kudziwa ngati bedi lili losalala, ndidathira madzi pang'ono m'kangalande ka m'mbali mwake. Madziwo atangoima osathamangira mbali iliyonse, ndidadziwa kuti ntchito yakhala bwino.

Denga nalonso lidandithandiza. Mvula ya milimita imodzi ikagwa pa malo a mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'lifupi, imapereka lita imodzi ya madzi. Denga langa ndi la mamita asanu m'litali ndi anayi m'lifupi. Choncho mvula ya mamilimita 10 yokha imagwetsa malita 200 padengapo, okwana mgolo umodzi wathunthu. Ndidapinda lata lakale kukhala ngalande yolowetsa madziwo mumgolo, ndipo mgolowo ndimauvundikira kuti udzudzu usaswanemo ndiponso kuti ana asagweremo.

Chachitatu ndidadyetsa nthaka n'kuifunditsa. Dothi la paphiri ndi losaya komanso lamiyala, choncho silisunga chinyontho. Ndidasakaniza ndi manyowa a mbuzi owolerana bwino, masamba ouma ndi phulusa pang'ono. Manyowa amagwira madzi monga mmene thonje limachitira. Pamwamba ndidaphimbira ndi udzu wouma, wochindikala zala zinayi, koma osaugunditsa ku mapesi a mbewu kuti angawole. Mukapisa dzanja pansi pa udzu wotere masana, mumapeza dothi lili lozizira ndi lonyowa.

Chachinayi ndidasankha mbewu zopirira ludzu. M'nyengo yamvula ndidabzala bonongwe, amene anzathu olankhula Chishona amati mowa, ndi luni, amene iwo amati nyevhe. Ndidabzalanso khobwe, amene amatipatsa chitambe ndi nyemba zomwe, kwinaku akuwonjezera chonde m'nthaka. Mbewu zimenezi zimakonda kutentha ndipo chisanu chimazipha. Choncho chisanu chisanafike tidathyola masamba ambiri n'kufutsa, kuti tikhale ndi mfutso. M'nyengo yozizira ndidabzala mpiru ndi anyezi, mbewu zimene siziopa kuzizira.

Chachisanu ndidaphunzira kathiriridwe. Pakati pa bedi ndidakwirira mitsuko iwiri yadothi yosapaka utoto, n'kusiya milomo yokha kunja. Mukathira madzi mumtsuko wotere n'kuuvundikira, madziwo amatuluka pang'onopang'ono kudzera m'timabowo tosaoneka ndi maso, ndipo amafika kumizu dzuwa lisanawaone. Mbewu ndidazibzala mozungulira mitsukoyo. Madzi otsukira mbale ndi ndiwo timathira padothi, osati pamasamba, ndipo a sopo wambiri kapena a mankhwala sitithirira. M'nyengo yotentha timathirira madzulo. M'nyengo yachisanu timathirira mmawa dzuwa litatuluka.

Tsopano ndowa imodzi imatikwanira pa tsiku, pamene kale khumi sizinkakwana. Chaka chachiwiri, m'mwezi wa Julayi, udzu wonse wa paphiri utauma, mdzukulu wanga adathyola mpiru wodzaza lichero. Titadya nsima madzulo amenewo adati, "Agogo, timange bedi lina." Ndidamuyankha kuti tidzamanga tikadzapeza mgolo wachiwiri, pakuti dimba liyenera kulingana ndi madzi amene mwini wake ali nawo. Pang'onopang'ono ndi mtolo.

Ntchito A: Yankhani mafunso awa m'ziganizo zomveka bwino.
1. N'chifukwa chiyani kumadzulo kwa mapiri a ku Nyanga kumagwa mvula yochepa?
2. Tchulani zinthu ziwiri zimene agogo adalakwitsa chaka choyamba.
3. Kodi mdzukulu ankatanthauza chiyani pofunsa ngati akutungira dzuwa?
4. Fotokozani mmene mtsuko wokwiriridwa umathiririra mbewu.
5. N'chifukwa chiyani agogo sadafulumire kumanga bedi lachiwiri?

Ntchito B: Perekani matanthauzo a mawu awa, kenaka mupange chiganizo ndi liwu lililonse: chinyontho, kukokolola, mopingasa, kuphimbira, kuwaula, mfutso.

Ntchito C: Fotokozani tanthauzo la miyambi iwiri imene ili m'nkhaniyi. Funsani akuluakulu kwanu mwambi wina wonena za madzi kapena za ulimi, ndipo mudzauze anzanu m'kalasi.

Ntchito D: Denga la nyumba ina ndi la mamita asanu ndi limodzi m'litali ndi mamita asanu m'lifupi. Kodi mvula ya mamilimita 10 ingagwetse malita angati padenga limeneli? Kodi madziwo angadzaze ndowa zingati za malita 20?

Ntchito E: M'magulu, konzani malo awiri ang'onoang'ono pasukulu. Thirani madzi ofanana pa malo onse awiri. Phimbirani malo amodzi ndi udzu wouma, enawo muwasiye pamtunda. Pakatha masiku atatu, pisani chala m'dothi la malo onse awiri ndipo mulembe zimene mwapeza.