Apongozi akukaniza mwana mankhwala opopera a mphumu

Adokotala,

Ndimakhala ku Chemusa, ndimagulitsa tomato pamsika. Mwana wanga wa zaka 7 anam'peza ndi mphumu chaka chatha, ndipo anatipatsa mainhela awiri, yabuluu ndi yabulauni. Masana amatsala ndi agogo ake, apongozi anga, omwe safuna kumupopera. Akuti akazolowera sadzasiya, komanso mtima umafooka. Yabulauni ndinasiya ndekha chifukwa akabanika sithandiza. Chiyambireni kuzizira mu June akutsokomola usiku uliwonse ndipo wajomba kusukulu milungu iwiri. Nditani?

Mayi wodandaula, Chemusa

Mayi,

Ndiyambire pa inhela imene munasiyayo, chifukwa vuto lagona pamenepo. Mwana wa mphumu amakhala ndi njira za mpweya zotupa mkati ngakhale tsiku limene akusewera bwinobwino. Yabulauni, beclometasone, ndiyo imaphwetsa kutupako pang'onopang'ono, nchifukwa chake amapopera m'mawa ndi madzulo tsiku lililonse, kaya akudwala kaya ayi, kenako nkuchukucha mkamwa. Phindu lake limaoneka pakapita milungu. Munaona bwino kuti akabanika sithandiza, koma imeneyo si ntchito yake. Ntchito imeneyo ndi ya yabuluu, salbutamol, imene imatsegula njira za mpweya m'mphindi zochepa.

Agogo musawanyoze. Mwina anaonapo mwana akunjenjemera manja, mtima ukugunda mofulumira atangopopera yabuluu. Zimenezi zimachitikadi, koma zimatha zokha posachedwa ndipo mtima suwonongeka. Mankhwalawa alibenso chibaba ngati fodya. Mwana akamafuna yabuluu koposa kawiri pamlungu, sikuti wazolowera, koma kuti kutupa kuja kukusowa mankhwala ake.

Chofunika nkuphunzitsa olera ana, ndipo izi sindikungozinena. Ku Gulupu, pachipatala cha Queen Elizabeth, Dr Sarah Rylance ndi anzake anachita kafukufuku pa ana 120 a zaka 6 mpaka 15, ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 2021. Gulu lina linalandira chithandizo cha masiku onse. Lina anawayeza mofatsa, anawakonzera mankhwala, ndipo mwana ndi womulera anakhala pansi ndi mphunzitsi, munthu wamba wophunzitsidwa za mphumu, kuwafotokozera za matendawa ndi kapoperedwe. Patatha miyezi itatu, m'gulu lachiwirili ana othamangira nawo kuchipatala komanso ojomba kusukulu anali ochepa kwambiri poyerekeza ndi gulu loyamba. Chimandiwawa mtima nchakuti pamzere wautali wa kuchipatala nthawi yofotokozera yotereyi imatisowa, mayi nkubwerera kunyumba ndi mankhwala abwino osadziwa kusiyana kwake.

Tsopano kapoperedwe. Mukapopera mwachindunji mkamwa, mankhwala ambiri amathera pakhosi. Pezani botolo lapulasitiki la 500 ml, mulitsuke ndi sopo, liume lokha osapukuta. Boolani kumunsi kwake bowo loti inhela ilowe mothina. Madokotala a ku Cape Town anaonetsa mu 1999 kuti botolo lotere limagwira ntchito mofanana ndi chipangizo chogula chothandizira kupopera. Khutchumulani inhela, mwana avumate kukamwa kwa botolo, poperani kamodzi, apume kasanu kapena kasanu ndi kamodzi, kenako mubwereze.

Akabanika, akhale tsonga, mum'popere yabuluu kamodzikamodzi chomwecho, ngakhale mpaka kakhumi. Akamalephera kumaliza mawu, nthiti zikulowa mkati, milomo yasintha mtundu kapena akuwodzera, musadikire kuti kuche kapena kuti mutseke kaye pamsika. Pezani galimoto mupite ku Gulupu, mukum'popera m'njira. Agogo adziwenso zizindikiro zimenezi, poti masana ali ndi mwanayo ndi iwowo.

Mutetezeninso ku utsi ndi fumbi. Mbaula ikhale panja ngakhale kuzizire bwanji. Koyilo wa udzudzu m'chipinda mwake ayi, agone m'neti. Anansi akamatentha zinyalala, alowe m'nyumba mutseke mawindo, ndipo posesa muziwaza madzi.

Mlungu uno pitani kuchipatala ndi mwana, buku lake, mainhela onse awiri ndi botolo, muuze adokotala kuti yabulauni munasiya liti. Pemphani kuti alembe m'bukumo kuchuluka kwa kupopera, ndipo mupopere iwo akuona. Agogo muwatenge ulendo umenewu, mafunso awo afunse okha, botolo aligwire ndi manja awo.

Dokotala wanu